Safunsa wagula foni

Safunsa anadya phula. Akuluakulu anatiuza zimenezi tili ana, koma sanatiuze kuti munthuyu anali wa mudzi uti, kapena ngati m'mimba munamusiya msanga. Chomwe timadziwa n'chakuti anamupatsa chisa cha njuchi, iye osafunsa kuti chodyedwa n'chiti, n'kumeza zonse. Kuyambira pamenepo dzina lake silisowa pakamwa. Wina akakwera minibasi ya ku Liwonde pamene ulendo ndi wa ku Jali, ndi Safunsa. Wina akakwatira pakhomo pamene mudzi wonse umalambalala, ndi Safunsa yemweyo.

Masiku ano ana akufunsa kuposa mbadwo uliwonse. Bola bandulo ikhalepo, afunsa kaphikidwe ka mandasi, msinkhu wa osewera mpira a ku England, ngakhale tanthauzo la maloto a dzulo. Tsopano ayamba kufunsanso foni kuti adzagwire ntchito yanji akamaliza sukulu. Tikanayenera kunena kuti Safunsa anafa ndipo tinamuika. Chodabwitsa n'chakuti phula likuthabe m'zisa.

Pa intaneti pali masamba ambiri othandiza mwana wa sekondale kusankha ntchito. Limodzi lodziwika ndi My Next Move la boma la America, lomwe lili ndi mafunso 60 otchedwa O*NET Interest Profiler. Maziko ake ndi maganizo a katswiri wina, John Holland, amene mu 1959 anayamba kugawa zokonda za anthu m'magulu 6: okonda kugwira ndi manja, okonda kufufuza, aluso, okonda kuthandiza anthu, okonda kutsogolera ndi kugulitsa, ndi okonda kusunga zinthu mwadongosolo. Foni imakufunsa ngati ungakonde kuyala njerwa, kupanga mankhwala atsopano, kuweta nsomba, kuzimitsa moto wa m'nkhalango. Iwe umadina kankhope, kuyambira kokwinya mpaka komwetulira. Pamapeto imakuuza gulu lako ndi mndandanda wa ntchito zoyenera munthu wotere.

Musanayambe, tsambalo limapempha mwaulemu kuti poyankha musaganize za ndalama zimene mungamalandire kapena sukulu imene ikufunika. Wolemba pempho limeneli sanagonepo ku Chikanda, kwathu kuno ku Zomba. Kuno munthu amaganiza za ndalama asanatsegule maso, chifukwa alandilodi amagogoda tambala asanamalize kulira.

Mwana wa mlongo wanga, wa Folomu 3, anayankha mafunsowa atakhala pakhonde, foni ya mayi ake ili m'manja, mayi akewo akusankha mpunga m'lichero.

"Amalume, foni yati ine ndine wa luso."

Ndisanatsegule pakamwa, mayi ake anayankha osadzutsa mutu: "Luso lake liti? Mbale za m'mawa zikadali m'beseni. Ifunse ngati pali ntchito ya anthu oiwala kutsuka."

Tisainyoze foniyo mopitirira, chifukwa pali chimene imachita bwino kuposa ife amalume. M'nthawi yathu ntchito zinali zowerengeka pa zala: mphunzitsi, namwino, kalaliki, wapolisi, msilikali wa ku Cobbe Barracks, ndipo kwa ife a ku Zomba, woyang'anira akaidi. Mwana ankasankha yunifolomu imene yamusangalatsa pamsewu, basi. Chonsecho tauni yomweyi, imene inali likulu la dziko mpaka 1975, yadzaza ndi ntchito zobisala kuseri kwa mipanda. Ku National Statistical Office kuli anthu amene amalandira malipiro chifukwa chowerenga anzawo. Ku Geological Survey kuli odziwa miyala, ku National Herbarium kuli osunga masamba ouma m'makabati, ku National Archives kuli osamala mapepala a nthawi ya atsamunda, ndipo ku Domasi kuli ofufuza za ulimi wa nsomba. Mwana amadutsa pa zipata zimenezi tsiku ndi tsiku osadziwa kuti mkatimo muli mpando womwe angadzakhalepo. Foni ikamutchulira kuti padziko pali ntchito yofufuza nthaka kapena yolosera nyengo, yamutsegula maso, ndipo uwo ndi uchi weniweni.

Phula limayamba pamene mwana wafika pa malipiro. Tsambalo limawalemba m'madola, a chaka chonse, a ku America. Mwana amatenga chiwerengerocho, n'kuchisintha m'makwacha pa mtengo wa kuseri kwa msika, ndipo pofika madzulo wamangira kale mayi ake nyumba yosanja ku Mulunguzi, wagulira agogo galimoto, wakana moni wa anzake awiri. Foni siinaname. Inayankha funso la mwana wa ku Ohio, ndipo wa ku Chikanda anangomvera pawindo.

Foniyo sidziwa MANEB, ngakhale likulu la MANEB lili mu Zomba momwemuno, mtunda woyenda wapansi. Sidziwa kuti tsogolo la mwana limapimidwa ndi mapointi a maphunziro 6 amene wakhoza bwino pa MSCE, kuti ochepa ndiwo abwino, ndiponso kuti popanda makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, khomo la yunivesite silitseguka ngakhale munthu atadina nkhope zomwetulira zokhazokha. Sifunsa ngati mwana anasiya Physics ndi Chemistry polowa Folomu 3 chifukwa anzake anamuopseza, kapena ngati sukulu yake ili ndi labu. Imangomuuza kuti akhoza kukhala dokotala. Tsamba loyenera kuwerengedwa mpaka maso atafiira ndi la NCHE, bungwe limene limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira a m'mayunivesite a boma, chifukwa limeneli ndilo limalemba maphunziro ofunika pa kosi iliyonse. Koma ilo lilibe tinkhope toseka. Lili ndi mizere ndi mizere ya timalemba ting'onoting'ono, ndipo mwana amalitseka asanafike pakati.

Mwina mukuti, ndiye afunse akuluakulu, monga mwambi unanenera. Apa mpamene pali vuto lina limene makolo opeka mwambiwu sanaliganizire: ofunsidwawo nawonso amagawa phula, ndipo amaligawa molimba mtima. Alipo amalume amene mpaka lero amauza mwana kuti "ukalembe Poly", osadziwa kuti kuyambira 2021 Polytechnic ndi MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College, ija timati Chanco, inatsala ndi dzina lonse la University of Malawi. MUST ya ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, amangoimva pa wailesi. Malangizo awo ndi amodzi: udokotala kapena uloya. Mwana akati akufuna za nkhalango ku Mzuni kapena za nsomba ku Bunda, amamuyang'ana ngati wanena kuti akusiya tchalitchi.

Chondiseketsa n'chakuti mwana wa ku Chikanda ali ndi mwayi umene wa ku Chitipa kapena ku Nsanje angaulipirire. Alangizi ake ali kuseri kwa nyumba, akutsuka mkamwa atavala kabudula. Chikanda ndi chipinda chogona cha Chanco. Pafupifupi mpanda uliwonse uli ndi timazipinda ta lendi, ndipo mkatimo muli wophunzira zauphunzitsi, zachuma, zamalamulo, zasayansi, akukazinga soya pa kambaula. Amenewa ndiwo akudziwa zimene tsamba lililonse limabisa: kosi imene dzina lake limakoma koma masamu ake amaliza anthu, tanthauzo la kulemba sapu, ululu wa kuwidedwa, mmene munthu amapemphera ngongole ku Loans Board, ndi kumene anathera anzawo amene anavala gauni chaka chatha. Mwana amakumana nawo pampopi m'mawa uliwonse, n'kuwapatsa moni, n'kubwerera m'nyumba kukafunsa America.

Kufunsa kwake kuli ndi malamulo, inde. Musamufunse wophunzira kumapeto kwa mwezi, chifukwa pa nthawi imeneyo kosi iliyonse ndi yoipa ndipo dziko lonse latha. Mufunseni atadya. Ndipo ngati wofunsayo ndi mtsikana, malangizo aperekedwe pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, mayi ali chapafupi ndi lichero lawo, kapena afunsidwe asisi a chipinda chinacho. Anyamata ena a Chanco amadziwa kutalikitsa malangizo mpaka ankhoswe atalowererapo.

Pali mafunso awiri amene ana ambiri amawayankha akuyang'ana nkhope ya bambo awo: lija la kuyala njerwa ndi lina la kukonza zipangizo zowonongeka. Mwana amene anakula akumasula wailesi ndi kulumikiza mawaya a tochi amadina kankhope kokwinya, chifukwa anauzidwa kuti ntchito zamanja ndi za olephera. Akatero foni imamukhulupirira, poti siidziwa kuti munthu amatha kunamiza ngakhale makina. Chonsecho Nasawa Technical College ili m'boma lomwelino la Zomba, TEVETA imalengeza malo a maphunziro a ntchito zamanja, ndipo ku Chikanda kumanga sikutha, chifukwa ophunzira akuchulukirachulukira ndipo aliyense wokhala ndi kamalo kuseri akuwonjezera chipinda. Chipinda chilichonse chikufuna womanga, wa matabwa, wa mapaipi, wa magetsi.

Mmisiri wowotcherera zitsulo amene ndinamupeza kuti andikonzere geti sanayankhepo mafunso 60 a aliyense. Anandimvetsera akumangitsa chitsulo cha windo la hositelo ina, n'kutsegula kope lake lodzaza ndi mayina a anthu amene analipira kale theka.

"Bwana, mubwere mwezi wa mawa. Koma muyambe mwaimba."