Fodya wa Pamphuno Wofuna Netiweki

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Akuluakulu amene anapeka mwambiwu anapita kuli chete asanaone sola ya ngongole.

Ku Sanga, monganso ku Chintheche ndi ku Kande, nyumba zina zomwe mawaya a ESCOM sanazifike zimawala ndi sola zogula pang'onopang'ono. Panelo ili padenga la mwininyumba, batire ili pabalaza pake, dzuwa la kunyanja laidzaza tsiku lonse. Fodyayo wafika pamphuno ndithu. Koma tsiku lolipira likangodutsa, kabokosi koyendetsa solayo kamadzitseka kokha. Kuti kayatsenso, muyenera kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kenako mudikire manambala pafoni oti mukaike pa kabokosiko. Tsono netiweki ikathawa madzulo amenewo, bambo amene usipa wake wayenda malonda bwino, ndalama zili mufoni, amakaima pachulu atakweza foni m'mwamba, uku ana akudya kondowole mumdima pafupi ndi batire yodzaza.

Zoona, popanda ngongoleyi mabanja ambiri akanakhalabe pa koloboyi. Chodabwitsa n'chakuti wopanga kabokosi anakonzekera bwino munthu wothawa ngongole, koma wolipira amene uthenga wake wakodwa panjira anamuiwala.

Olemera nawo sagona tulo. Pa 20 Okutobala 2025 makompyuta a Amazon Web Services ku Virginia atasokonekera, anthu ena ku America amene anagula mabedi a Eight Sleep, oposa madola 2,000, anapeza bedi likungotentha osatheka kuliziziritsa, lina litaumira chokwezeka kumutu. Bedi linali kuchipinda kwa mwini, atalilipira yekha, koma kuti ligone pansi linkayenera kumva kaye kuchokera ku Virginia. Mphasa sinayambe yachitapo mwano wotere.

Nanga Juicero? Makina ofinyira madzi a zipatsowa anayamba kugulitsidwa mu 2016 pa madola 699, ndipo ankafuna intaneti kuti atsimikize ngati paketi ya zipatso ndi ya kampaniyo komanso ngati sinapitirire masiku. Mu Epulo 2017 atolankhani a Bloomberg anatenga paketiyo n'kuifinya ndi manja, madzi n'kutuluka pafupifupi chimodzimodzi. Mu Seputembala chaka chomwecho kampaniyo inatseka.