Walira Mvula Walira Matope, Walira Ulaya Walira Fosholo

Makolo athu sanakwerepo ndege, koma mtima wa munthu ankaudziwa. Anati walira mvula walira matope. Kuno ku Chongwe mwambi umenewu sitichita kuumva kusukulu. Dzuwa la Okutobala likafika poti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa, Asoli amasonkhana kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II pa mwambo wa Chakwela Makumbi kukapempha mvula. Ikagwa, anthu omwe ankalulutira aja ndi amene mumakumana nawo nsapato zili m'manja, akudandaula za msewu.

Masiku ano kwabwera mvula ina imene tikuilira. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lathu lomwe lino, choncho ndege zimatidutsa pamutu tikupalira chimanga. Mnyamata amaimika khasu, n'kukweza maso: "Tsiku lina ndidzakhala mmenemo ine." Mu 2022 dziko la Britain litatsegula khomo kwa anthu ogwira ntchito yosamalira okalamba, kulirako kunakula. Ena analowera ku Canada, ena kusukulu ku Russia. Mwambi uja anaunyamula theka, theka linalo anasiya pabwalo la ndege.

Tsiku loyamba chipale chofewa chikagwa, gulu la banja pa WhatsApp siligona. Zithunzi zimangogwa motsatizana: mwana wathu watambasula manja, mano onse pamtunda, kumbuyo kuli mbee. Agogo amayandikitsa foni kumaso n'kufunsa kuti, "Kodi anthu amenewa ufa wonsewu angoutaya pansi?" Pofika tsiku lachitatu zithunzi zaleka. M'malo mwake mumalandira uthenga wa mawu, munthu akulankhula mano akugundana.

Matope oyamba ndi kuvala. Kuno munthu amadzuka, kusukusula, malaya paphewa, ulendo. Uko kutuluka panja n'chintchito: zamkati zaubweya, mathalauza awiri, masokosi awiri, juzi, jekete, mpango m'khosi, chipewa, magolovesi. Akangomaliza kumanga zingwe za nsapato, m'pamene thupi limakumbukira kuti likufuna kuchimbudzi. Jekete ija anagula pa salaula ku msika wa Soweto, imene inkamutulutsa thukuta mu Julaye wa ku Chongwe, ikabwerera kwawo kumene inachokera imaonetsa msanga chifukwa chimene mwini wake woyamba anaitayira.

Achiwiri ndi fosholo. Mnyamata uja anathawa khasu, koma khasu linatuma msuweni wake kuti akamuchingamire. M'mizinda yambiri ya ku Canada ndi ku Germany lamulo limafuna kuti wokhala panyumba achotse chipale panjira ya anthu oyenda pansi ya kutsogolo kwake. Wodutsa akaterereka n'kuthyoka mwendo, mlandu ungathe kukupeza uli m'bulangete. Ndiye munthu wa digiri amadzuka kusanache, kukumba, kuwola, kutaya. Khasu limakupatsako chimanga. Fosholo imangokupatsa msana, ndipo mawa lake munda wonse wameranso. Akamaliza apo akapale galasi la galimoto ndi kapulasitiki. Ku Quebec, kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi, galimoto imayenera kuvala matayala a nyengo yozizira. Inde, nayo galimoto ili ndi nsapato zake za chisanu, ndipo wogula ndiwe. Mchere umene kuno timapempha kwa aneba pa supuni, uko amaumwaza mumsewu ndi malole kuti chipale chisungunuke. Chikasungunuka chimasanduka chiyani? Chiphalaphala chakuda cholowa m'nsapato. Munthu wauluka usiku wonse kukapeza matope omwe anawasiya kwawo ku Chalimbana, kungoti awa ndi ozizira.

Achitatu ndi mdima. Ku London pa 21 Disembala dzuwa silikwanitsa maola 8, ndipo limalowa 16 koloko isanakwane. Wogwira ntchito usiku amagona kukucha, n'kudzuka kwada kale. Azaumoyo a ku Britain amalangiza anthu kumwa mapilitsi a vitamini D m'miyezi yozizira, poti dzuwa la nthawiyo silikwanira kuti thupi lidzipangire lokha. Tangoganizani, mwana wa ku Chongwe, amene ankathawira pansi pa mtengo wa mango, lero akugula dzuwa ku famase, la m'botolo, n'kulandira lisiti.

Nako kuno kumazizira, tisanamizane. Juni ndi Julaye m'mawa madzi amaluma zala. Koma kuzizira kwathu kumasonkhanitsa anthu: mbaula pakati, mbatata m'phulusa, miseche ikuyenda. Uko moto uli m'chitsulo chomatidwa kukhoma. Sungawotchepo chimanga, sungauzungulire, ndipo ukautsegula mtima umawerenga ndalama. Mnansi wako mwatha naye chaka, koma umangomudziwa chipewa.

Tsono apa m'pamene dziko lamakono laupotoza mwambi. Kale wolira mvula ndi woponda matope anali munthu mmodzi. Lero tagawana ntchito. Mu 2024 chilala chitapsereza minda, boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka. Madzi ku Kariba anatsika, magetsi n'kumazima tsiku lonse. Tinayang'ana kuti? Ku foni. "Achimwene, tumizaniko kangachepe, inu muli pabwino." Foni ikalira kuti ndalama yalowa, kuno mvula yagwa. Matope ake akuponda wina, pa siteji ya basi, 5 koloko m'mawa, makutu atachita dzanzi. Ife tikusowa madzi m'chitsime, iye akutaya madzi ndi fosholo pakhomo, ndipo aliyense akuti mnzakeyo ndiye wadala.

Nawonso a kunja asatinamize. Akabwera pa tchuthi amatsika ndege atavala chijekete chofika m'mawondo dzuwa likuswa mtengo, kuti tidziwe kumene achokera. Za fosholo satchula. Amangoti, "Kunja n'kwabwino," ndipo mphwawo amayamba kufunsa mtengo wa pasipoti.

Sindikuletsa munthu kupita. Popanda mvula palibe dzinthu, ndipo ndalama za m'chipale zamanga nyumba ndi kulipirira ana sukulu. Koma iwe mphwanga amene ukuwerenga ndege uli m'munda, pita ukudziwa kuti fosholo ikukudikira, ndipo nsapato zabwino ukagule konko. Inu otsala, musanatchule za feteleza, yambani mwafunsa ngati mwana wadya, ngati m'nyumba mukufunda. Ndalama imene mukuilirayo pali amene akuiponderatu matope.