Tsabola Wakale Sawawa? Talawani Kaye

Amene anayambitsa mwambi wakuti tsabola wakale sawawa ayenera kuti anali munthu wokonda ndiwo zozizira. Ndikunena izi mwaulemu, poti makolo sitikangana nawo, makamaka amene anagona kale ndipo sangathe kudziyankhira. Koma aliyense amene anavundukulapo chitini chimene agogo anasungamo tsabola wouma n'kuiwala, iye n'kulowetsamo mphuno mosasamala, akudziwa kuti mwambiwu uli ndi mlandu wofunika kuukhalira pansi. Munthu umayetsemula mpaka kukumbuka machimo a kupulayimale.

Tanthauzo lake tonse timalidziwa: zakale zinatha mphamvu, nzeru za dzana sizithandiza lero. Achinyamata amaukonda mwambiwu kuposa ina yonse, chifukwa ndi chikwapu chokhacho chimene makolo anawasiyira choti azikwapulira makolo omwewo. Mukamuuza mwana kuti ife pamsinkhu wakowo tinkapita kusukulu wapansi, m'mimba muli mbatata ya dzulo, iye maso ali pafoni amangoti, "Madala, tsabola wakale." Kumaliza samaliza n'komwe, kuopa bandulo ingathe.

Pa zinthu zina mwanayo sakunama. Wailesi ya kaseti inapita, pamodzi ndi cholembera chija tinkabwezera tepi ikakodwa. Kalata yachikondi yodikira masabata awiri ku positi ofesi inapitanso. Koma tikafika pa zolowa m'kamwa mwambiwu umayamba kutsimphina, ndipo umatsimphinira pa tsabola weniweniyo.

Tengani botolo la Nali. Kampani imeneyi anaiyambitsa malemu a Khoromana ku Thyolo m'chaka cha 1974. Mwana wobadwa chaka chimenecho lero ali ndi imvi, mawondo akulira pokwera minibasi, mwinanso zidzukulu zilipo kale. Tsabolayo ndiye sanapume pantchito. Pabotolo eni ake analembapo okha kuti abale samalani, ndipo m'dziko lino la anthu osamva zikwangwani ndi chenjezo lokhalo limene munthu salinyozera kawiri. Funsani amene ali ndi m'bale ku Joni kapena ku Mangalande. Munthu anachoka akunena kuti kuno n'kotsalira, koma miyezi itatu isanathe foni ija yalira: "Mukapeza wobwera munditumizireko Nali, usipa ndi mpunga wa Kilombero. Sobonso ngati malo alipo." Mabasi opita ku Johannesburg amamunyamula tsabola wakaleyu kudutsa naye pa Mwanza, pa Tete, pa Nyamapanda mpaka pa Beitbridge, kukamupereka kwa anthu okhala moyandikana ndi masitolo odzaza ndi mabotolo a mitundu yonse.

Komabe mfumu ya tsabola ilibe dzina pabotolo. Imakhala pachiwaya, m'botolo la madzi akumwa amene anamwedwa kalekale, chitsekerero chake choboola ndi msomali. M'katimo muli kambuzi wosinja, mafuta, mchere, mandimu pang'ono, ndi china chake chimene achimwene a pachiwaya sanganene ngakhale mutawagwira pakhosi. Mbatatesi zafika usiku kuchokera ku Tsangano kapena pa Lizulu, mnyamata wazisenda m'bandakucha, moto uli lawilawi. Bwana wa tayi waimika galimoto chapatali kuti a kuofesi asamuone, wagula tchipisi, kabichi pamwamba, n'kugwira botolo lija molimba mtima.

"Pang'onopang'ono, bwana, ameneyo ndi wa dzana."

"Aaa, achimwene, ife tsabola tinakulira momwemo."

Mphindi ziwiri sizinathe, tayi yamasulidwa, thukuta lili kamukamu, bwana akupempha madzi pomwe botolo lamadzi lokhalo pamalopo ndi lomwe lamulakwiralo. Ndipo madziwo akanawapeza sakanamuthandiza. Chimene chimawawa mu tsabola chimasungunuka m'mafuta, osati m'madzi, n'chifukwa chake kambuzi wogonera m'mafuta amalusa kuposa wongothyola kumene, n'chifukwa chakenso woyaka m'kamwa amapulumukira ku mkaka kapena chambiko. Achimwene aja samuseka bwanayo, kasitomala sasekedwa. Angomuikira pulaizi ya tizidutswa titatu ngati chipepeso. Mawa bwanayo abweranso.

Choseketsa n'chakuti tsabola tikumutcha wakaleyu ndi mlendo. Kwawo ndi ku America, ndipo kuno anafika ndi zombo za Apwitikizi chaka cha 1500 chitadutsa, monganso chimanga, chinangwa ndi mtedza. Ndiye kuti inalipo nthawi imene nkhalamba ina inkaiyang'ana nsima ya chimanga n'kumati izi n'zachibwana za ana a masiku ano. Akale enieni ndi mapira ndi mawere, ndipo awa sanapite kulikonse. Anangobisala m'chimera.

Ndafika pa thobwa tsopano, mundilole ndikhale pansi. Thobwa limene mumalipapira mphindi imodzi muli chiimire pasiteji ntchito yake imayamba masiku angapo m'mbuyo. Mawere amawaviika, n'kuwafundika chiguduli mpaka atatulutsa timizu toyera, kenako kuwayanika padzuwa mwana akulimbana ndi nkhuku, n'kupita nawo kuchigayo. Ndicho chimera. Madzulo mayi amaphika phala la mgaiwa mumphika waukulu kapena mumgolo wodula pakati, nalisiya kuti lipole kufikira poti chala chingapirire. Ukatswiri wonse wagona pamenepo. Mukathira chimera phala likadali moto, mwachipha. Mukachedwa, sichigwira ntchito bwino. Chopimira kutentha palibe, chala cha amayi ndicho chimagamula. Chimera chikalowa, phala lolimba lija limasungunuka lokha n'kuyamba kutsekemera lisanamuone n'komwe shuga. Kukacha amaliwiritsanso, kulipoletsa, n'kuthira m'mabotolo otoleza. Kunja kwa botolo kwalembedwa za madzi a m'kasupe wa m'phiri, m'kati muli thobwa la ku Ndirande kapena kwa Chinsapo, ndipo palibe amene anakasumapo kuti wanamizidwa.

Tsiku loyamba thobwa ndi la ana ndi amayi a mvano. Tsiku lachiwiri layamba kuyankhula, mukamapotokola chitsekerero limati tswiii. Tsiku lachitatu akulu a mpingo amalimwa maso ali kumbali, n'kumati, "Lasasa pang'ono, koma ndi thobwa ndithu," ndipo posakhalitsa nyimbo za pasiwa zimayamba kukwera mawu. Tsiku lachinayi tisanamizane, limenelo si thobwanso, ofuna dzina lake akafunse kwa ofulula masese. Omwa Chibuku amazidziwa zomwezi. Pakete ija ili ndi kabowo pamwamba chifukwa mowawo ukadali wamoyo, ukupuma, ndipo wa lero ndi wogonera masiku angapo sugwetsa munthu mofanana. Tsono wina aimirire apa anene kuti chakale sichiwawa.

Achinyamata okonda mwambi aja nawonso atulukira kanthu: tsabola wakale sawawa kufikira utamumata lebulo. Malambe ana a ku Chikwawa, ku Mangochi ndi pa Zalewa ankagenda okha, kuswa pamwala, kumung'unya mpaka lilime kuwawa. Chinali chakudya cha abusa a mbuzi, cholimbirana ndi anyani. Mu 2008 bungwe la European Union linavomereza kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa ku Ulaya ngati chakudya, ndipo kuchokera pamenepo mlambe unalowa m'gulu la mabwana. Lero mtsikana wa digiri akupanga juwisi wa malambe, wa bwemba ndi wa chidede, botolo lonyezimira, lebulo yachingerezi, pansi pake nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba, chithunzi pa WhatsApp m'mawa uliwonse. Sindikumunyoza ayi. Ntchito kulibe, ndipo juwisiyo ngwokoma. Ndingofuna adziwe kuti azakhali ake ogulitsa mafilizi a malambe pageti la sukulu anaiyamba bizinesi yomweyo iye asanabadwe. Kusiyana kwake n'kwakuti mtsikanayo amaitanidwa ku misonkhano ya kunyanja kukalandira alawansi, pomwe azakhaliwo amathamangitsidwa ndi a khonsolo, chikulabokosi chili pamutu.

Ngati mukufunadi tsabola wakale amene anasiya kuwawa, musakamufune kukhitchini. Pisani m'thumba. Ka K50 kamene kale kankachititsa mwana kuvina lero mukampatsa amakuyang'anani kudikira zotsalazo. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo ufa wa tirigu, mafuta ophikira, shuga ndi makala zonse zinanyamuka ulendo umodzi. Mayi wa mandasi ndiye anapanikizika pakati. Akweze mtengo, ogula ake ndi anansi amene iye akudziwa bwino kuti malipiro awo ali pomwe paja. Asakweze, mpamba utha. Ndiye anapeza nzeru imene a zachuma saphunzitsa ku yunivesite: mtengo uli chikhalire, mandasi ndiwo akuwonda. Kale awiri ndi kapu ya tiyi munthu unkafika nawo masana. A masiku ano akunga mabatani a jekete. Mukadandaula amayankha nkhope ili gwa, "Ndi ufa wa masiku ano, bambo, sukufufuma." Nonse awiri mukudziwa kuti ufa ulibe mlandu, koma ulemu wasungika mbali zonse ziwiri.

Wina afunsa za ukhondo, ndipo funsolo n'labwino. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, pamenepo palibe nthabwala. Mabotolo azitsukidwa ndi sopo ndi madzi otetezedwa, amayi, osati kungowatsukuluza. A Malawi Bureau of Standards alipo kuyambira mu 1972, ndipo wofuna kuti katundu wake alowe m'masitolo chidindo chawo sangachizembe. Koma mayi wa thobwa ali ndi oyendera ake ankhanza kuposa amenewo, ndiwo mimba za anansi. Mwana mmodzi akangotsegula m'mimba m'mawa, pofika masana nkhani yafika pamjigo, kuchigayo ndi pagulu la WhatsApp la mpingo, ndipo apilo kulibe. Mukaona mayi wagulitsa thobwa pakona yomweyo zaka 20, dziwani kuti mayeso amenewo amalemba tsiku ndi tsiku ndipo akukhoza.

Pakanakhala chilungamo, pamwambo wopereka madigiri ku Zomba akanamaitananso kutsogolo azigogo otcheza kachasu, poti fizi ya ophunzira ena inachita kudontha kuchokera m'paipi, dontho limodzilimodzi. Omaliza maphunzirowo poyankhula amangothokoza Mulungu ndi "kabizinesi ka amayi," osatchula kuti kabizinesi kanji. Kachasu yemweyo wapasula mabanja ndi kupsereza ziwindi za anthu, sindikumuyeretsa ayi. Ndikungoti pa chipewa chija chokhala ndi chingwe pali utsi wa nkhuni umene sutchulidwa.

Chimene sitolo ya magalasi sidzakupatsani ndi ngongole ya pakati pa mwezi. Tayesani kumuuza mtsikana wa pamakina kuti mudzalipira malipiro akalowa, muone mmene mlonda ayandikirire. Mayi wa thobwa amangotsegula kope lakale la masamu la mwana wake, chakumapeto kumene kunatsala masamba, n'kulemba: aphunzitsi, mabotolo awiri; bambo a mapasa, atatu ndi chigumu; wa njinga yofiira, limodzi. Mpamba wakewo ndi wa kubanki m'khonde, wobweza ndi chiwongoladzanja, ndiye kuti iye akukongola kuti inu muzimwa. Maliro akagwa m'deramo ndi yemweyo amatseka bizinesi masiku awiri, mgolo wake wa thobwa n'kusanduka wophikira nsima ya adzukulu, nkhuni zake n'kuthera pasiwa. Pachinkhoswe cha mwana wanu ndi yemweyonso adzagone mochedwa akutakasa phala, malipiro ake chitenje cha yunifolomu chimene wagula yekha.

Tsono inu amene muli m'kope lija, makamaka amene munasintha njira yopitira kusiteji chifukwa cha mabotolo asanu a mwezi watha, dziwani kuti amayiwo amakuonani mukamazungulira kuseri kwa tchalitchi. Sanena kanthu chifukwa analeredwa bwino. Malipiro akalowa, musanayambe za kanyenya, kaperekeni ndalama za eni ake, ndipo mabotolowo mubweze, ndi osowa.