Kodi Dandaulo Limakathera Kuti?

Sukulu sindinapite nayo patali. Ntchito yanga pa koleji pano ndi yonyamula makalata, ofesi iyi kupita ofesi iyo, ndiye mabwana mundikhululukire ngati mafunso angawa ali achibwana.

Pakhoma anamatapo chipepala chonena kuti aliyense amene wasalidwa, wophunzira kaya wantchito, alembe dandaulo n'kukapereka kwa mkulu wa dipatimenti yake. Ndinafunsa kuti, nanga wokusalayo akakhala mkuluyo? Akuti pamenepo ukapereke kwa bwana wake. Koma awiriwatu nkhomaliro amadyera limodzi, madzulo n'kukwera galimoto imodzi. Kalatayo aziwerenga asanadye kapena atadya?

Ana ophunzira zamalamulo anandiuza kuti gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ulumali, kukhala mkazi kapena mwamuna, ngakhalenso chilankhulo. Chilankhulo! Ndiye mphunzitsi akamayeseza kayankhulidwe ka mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje, kalasi yonse n'kufa nazo, limenelo ndi tsankho kapena nthabwala? Woweruza kuti ndi nthabwala ndani, wosekayo kapena wosekedwayo?

Komiti yoona madandaulo ikakhala pansi imafuna umboni. Izo ndikumva, munthu asamangonamiziridwa. Koma mtsikana akauzidwa zonyansa mu ofesi, chitseko chili chotseka, mboni aitenga kuti? Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati malo antchito akhale ndi ndondomeko yothana ndi nkhanza zotere, ndipo yathu ilipo, yachikuto chonyezimira. Chimene ndimafuna kudziwa n'chaching'ono: pamene komiti ikufufuza, mayeso a mtsikanayo achonga ndani? Ngati ndi yemwe akumudandaulayo, mukuganiza kuti mnzake wokhala naye chipinda chimodzi, amene akuona zonsezi, adzalemba yake kalata?

Ofesi ya komitiyo ili m'nyumba yosanja, pamwamba, masitepe okhaokha. Mnyamata woyendera njinga ya aulumali anafuna kudandaula kuti sangathe kufika ku laibulale. Kalata yake ndinakwera nayo ndine, iye akudikira pansi. Atamuitana kuti adzafotokoze, anamuitanira pamwamba pomwepo. Kodi wolemba kalata yomuitanayo anali atawerenga dandaulolo?

Mphunzitsi akasalidwa, ndimamva kuti ali ndi Employment Act ya 2000, ndipo akhoza kukasuma ku Industrial Relations Court. Nanga amayi okolopa ndi alonda, amene anawalemba ndi kampani yakunja kwa mpanda? Akatukwanidwa pano, koleji imati si antchito athu, kampani imati nkhaniyo sinachitikire kwathu. Iwo aime pati? Komanso bwanji chipepala chija sichitchula kuti kuli Ombudsman ndi Malawi Human Rights Commission, kumene munthu angapite zapano zikakanika? Malo anachepa?

Pamsonkhano wotsekera chaka analengeza kuti madandaulo a tsankho anali ochepa kwambiri, anthu n'kuwomba m'manja. Inenso ndinawomba, poti onse amawomba. Kenako ndinafunsa a kalaliki kuti ena aja anathera kuti. Akuti ambiri anakambirana pachibale, choncho sawerengedwa. Pachibale pake n'pati? Mtsikana uja anasintha kosi, chaka chathunthu n'kubwerera m'mbuyo. Aphunzitsi amene ankawadandaula aja akadali mu ofesi yomweyo, ndipo chaka chino awaika m'komiti. Awaikamo kuti aphunzire, kapena kuti aweruze?