Nsima Yamchere ya ku Joni

Rosettenville, Johannesburg

Okondedwa amayi,

Ine kuno ndili bwino, ntchito ya zomangamanga ikuyenda. Iwe muphwa wanga amene ukuwerengera ambuya ako kalatayi, uwerenge yonse, usadumphe pamene atsibweni ako achita manyazi.

Amayi, khalani kaye pansi pamphasa. Anthu kuno amathira mchere m'nsima. Sindikunena m'ndiwo ayi, m'nsima mwenimwenimo. Tsiku loyamba ndinatema mbamu, kuponya mkamwa, n'kuyang'ana uku ndi uku kuti ndione amene andichita chipongwe. Onse anali kudya mwamtendere, wina mpaka ndi foloko. Kwathu mchere ndi nkhani ya akuluakulu, pali masiku ena mayi sathira yekha m'ndiwo, amaitana kamwana kuti kathire kuopa mdulo. Kuno aliyense amangowaza ndi dzanja lililonse. Ndadikira miyezi isanu ndi itatu kuti ndione amene atupe miyendo, koma onse ali gwa.

Nsimayo amaitcha pap, ndipo kaphikidwe kake kangakulizeni. Madzi akawira amakhuthuliramo ufa wonse nthawi imodzi, kuvundikira, n'kupita kukaonera mpira. Nsima kudziphika yokha ngati mwana wamasiye! Palibe phala, palibe kuthyakula, palibe thukuta. Azulu ali ndi ina yotchedwa phuthu, youma ndi yoyoyoka, imene inu mukanaiwazira nkhuku pabwalo. Amaithira chambiko, chimene amati amasi, ndipo ndikuuzeni monong'ona kuti imeneyo imakoma. Musauze atate.

Ndinapirira sabata zitatu, kenako ndinagula mthiko. Inde amayi, ine yemwe ndinkati khitchini ndi ya akazi, ine amene ndinkangoitana madzi osamba m'manja ndili khale pampando. Nsima yanga yoyamba inali ndi mibulu yoti mwana n'kuchitira masamu. Vuto lalikulu ndi kachitofu kamagetsi. Pamafuwa mphika umakhazikika, koma pano ukangoti uvundule, poto amathawa n'kuzungulira tebulo lonse. Ndinaitana mnzanga wa ku Tete amene timagona chipinda chimodzi kuti agwire poto ndi thaulo, ine ndikulimbana ndi mthiko, amuna awiri andevu kugwetsana ndi nsima ya anthu awiri. Pakatikati magetsi anazima. Tinadya yosapsayo mumdima, ndipo usiku wonse m'mimba munali msonkhano wa mafumu.

Panopa ndazolowera. Ndapeza kuti ufa wa m'masitolo muno, kaya Iwisa kaya White Star, umamwa madzi ngati ng'ombe ya m'chilimwe ndipo sufuna changu. Phala liyenera kubwata nthawi yaitali mpaka fungo la ufa lithe, ndiye n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Ukamaliza kuthyakula uvundikire pamoto wochepa, ilire kuti fuu. Ndikudziwa mukuseka kuti khasu likuphunzitsa mlimi kulima. Komabe ufa umenewu sufika pa ufa wanu woyera, wokonola mumtondo, woviika masiku atatu, wokhala ndi kafungo kowawasa kaja. Chipande ndilibe, ndimaomolera sosala yoviika m'madzi, choncho mitanda yanga imaoneka ngati njerwa zogumuka.

Mnzanga wa ku Tete uja ndi amene anandisokoneza mutu. Akuti mawu oti mielie, amene anthu kuno amatchulira chimanga, anachokera ku milho ya Chipwitikizi. Akuti chimanga kwawo ndi ku Mexico, ndipo chinafika ku Africa pa zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Ndinatsala pang'ono kumumenya ndi mthiko. Chimanga chathu chomwechi, cha m'nkhokwe ya atate, n'kukhala mlendo? Kenako ndinakumbukira ambuya akunena kuti makolo ankadya nsima ya mapira ndi ya mawere, ndipo ndinangoti kukamwa yasa. Ndiye kuti chimanga ndi mtchona mnzanga, chinachoka kwawo kukafuna ganyu, n'kulowa ufumu. Ndipo tinachikonda mpaka kuchisankhira mtundu. Paja mumasimba za chilala cha 1992, mmene anthu ankadyera nsima yachikasu ya chimanga chakunja nkhope zili tsinya, njala ili pakhosi.

Tsopano ndiwo. Mayina ake ndi onamiza. Anandiitanira bunny chow, ndipo popeza bunny m'Chingerezi ndi kalulu, ndinameza malovu kukumbukira uzimba wa kwathu. Anandipatsa buledi wobooledwa pakati, atathiramo nyemba za tsabola. Kalulu ndinamufunafuna mpaka pansi pa buledi, sanapezeke. Ndi chakudya cha Amwenye a ku Durban. Mitu ndi zipalapaso za nkhuku amati walkie talkie, poti china chinkayenda, china chinkalankhula. Mutu wa nkhosa amati smiley chifukwa ukapsa milomo imakwinyika, mano onse pamtunda, kukusekerera iwe amene ukuudya. Anthu amenewa, odya mutu woseka, ndi omwe anathawa patebulo nditawauza kuti kwathu mbewa zofutsa ndi ndiwo yolandirira mlendo. Mmodzi wa ku Limpopo analavula kumene, chonsecho m'thumba mwake munali vinkhubala, zimene iwo amati masonja.

M'dera lomwe ndikukhala lino ndi mmene munayambira Nando's mu 1987, sitolo ya nkhuku yootcha ndi piripiri imene yafika mpaka ku London. Kaotchedwe kake ndi ka Apwitikizi a ku Mozambique. Tangoganizani, tsabola wa anansi athu a kutsidya kwa malire, kumene timapita pa njinga, anthu analemera naye, ife tikungomuthira m'kapenta n'kumatsokomola.

Chimene chandivuta kwenikweni ndi masamba. Nyama kuno ndi yosasowa, Loweruka amuna amaunjikana pa shisa nyama kuotcha mpaka utsi kuphimba msewu, ndipo mwana wanu watopa nayo. Ndikulota chiwawa chotendera. Ndinakwera takisi mpaka kumsika wa ku Yeoville, kumene anthu a ku Congo ndi ku Nigeria amagulitsa chigwada ndi nsomba zouma, ndipo ndinapeza masamba ofananako ndi bonongwe, amene kuno amati morogo. Nsinjiro ndiye kunalibe. Ndinagula chiponde cha m'botolo cholembedwa Black Cat, chojambulidwa mphaka wakuda. Ndinayamba ndapemphera kaye. Ndinasungunula masipuni awiri m'madzi ofunda, kuthira masamba atafewa, tomato pamwamba, kasoda pang'ono m'malo mwa chidulo. Zinatuluka ndiwo zotsekemera ngati phala la mwana, chifukwa botolo ndinatengalo linali la shuga. Wa ku Tete ananyambita mbale, koma uyo amadya chilichonse.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mlamu akamabwera pa basi ya ku Lusaka mwezi wamawa, mumupatsire chikwatu cha mfutso wa khwanya, nsinjiro za nsawa za Chalimbana zodzaza chigoba cha shuga, ndi chipande chimodzi. Mbewa musatumize. Sindikufuna mlamu akafotokoze pa malire a Beitbridge, pamaso pa asilikali ndi basi yonse, kuti mitembo makumi awiri yapanidwa pandodoyo ikupita kwa yani.

Ndalama ya feteleza ndatumiza pa foni ya achemwali. Ndikubwera mu Ogasiti kuti ndikaone mwambo wa Kulamba ku Mkaika, ndipo tsiku lofika nsima ndidzaphika ndine. Atate muwauziretu, angadzagwe pampando. Mchere mubise, dzanja layamba kuzolowera.

Ndine mwana wanu,
wa ku Joni