Mlandu wa Kabowo Kotchajira Pabwalo la Agulupu

Pansi pa mtengo wa mango, pakati pa Ulongwe ndi Liwonde, agulupu anazolowera milandu ya malire a minda ndi mbuzi zodya nandolo wa eni ake. Koma tsiku limeneli okangana anabwera pa matayala, opanda phokoso, opanda utsi, moti ngakhale nkhuku sizinathawe.

Nduna inawomba m'manja. "Zikomo agulupu, alendowa ndi galimoto zoyendera magetsi. Alimbana pa nkhani ya kabowo kotchajira, kuti kayenera kukhala pati. Chabwalo apereka onse, kupatula uyu wa ku America, akuti sayenda ndi ndalama m'thumba."

Anayamba ndi Nissan Leaf, chiyambakale wa gululo, mtundu wake unabadwa mu 2010 ku Japan. Kuno anafika monga zimafikira galimoto zambiri za kwawoko: atatumikira kale wina, kudzera pa doko la Dar es Salaam. "Ine kanga kali pamphuno, pakatikati," anatero. "Ndimafika potchajira ngati ng'ombe pamtsinje, mutu patsogolo. Chingwe chichokere kumanja kaya kumanzere, chimandipeza."

Mayi wina wogulitsa usipa anafunsa ali chikhalire. "Bambo, msewu wa ku Ntaja munaudutsapo madzulo, mbuzi zikubwerera kukhola? Chimayamba kukumana ndi mbuzi n'chiyani, si mphunoyo? Nanga matope a dzinja?" Leaf anangophethira nyali.

Tesla, wa ku America uja, sanadikire kuitanidwa. Kake kali kumbuyo kumanzere, kobisika m'mbali mwa nyali, ndipo potchajira amalowa chafutambuyo. Anadzitama kuti kwawo ali ndi malo akeake otchedwa Supercharger, a zingwe zazifupi zopimidwa pa thupi lake. Nduna inamukumbutsa zomwe anasiya dala: malowo atatsegulidwira galimoto za makampani ena, Ford F-150 Lightning, yomwe kabowo kake kali kutsogolo kumanzere, inkatenga malo a galimoto ziwiri kuti chingwe chifike, ndipo makina atsopano anachita kuwaikira zingwe zazitali.

"Ndiye mwati munasema mtiko wokwana mphika wanu wokha," anatero agulupu, "kenaka n'kuitana mudzi wonse kudzaphikira pakhomo panu?"

Volkswagen ID.4 anafotokoza mwadongosolo, monga mwana wa ku Germany. Kake kali kumbuyo kumanja, chifukwa kwawoko amayenda kumanja kwa msewu, ndiye ukaima m'mbali kabowo kamayang'ana kumene kuli chotchajira. Nzeru yabwino ndithu, ikanakhala kuti bwaloli lili ku Wolfsburg. Kuno timayenda kumanzere. Mnyamata wa kabaza wa pa Balaka anachita kudumpha: "Ndiye kuti chingwe chanucho chizikhala kumsewu, kumene ndimadutsa ine ndi kasitomala wonyamula mazira? Umenewo ndi msampha, achimwene!" Apa Tesla anaseka chamumtima, poti kabowo kake, kamene kwawo kamayang'ana pakati pa msewu, kuno kapezeka kumbali yabwino mosakonzekera.

Porsche Taycan, amene ali ndi mabowo awiri, uku ndi uku, sanabwere. Anatumiza uthenga woti mimba yake ndi yapansi kwambiri, singathe njira ya kumudzi.

Mboni yomaliza inali mnyamata wotchajitsa mafoni pamsika ndi sola imodzi ndi batire la galimoto. Iyeyu mavuto a mabowo amawadziwa: pa thebulo lake pali mulu wa machaja, ya kapini ka Nokia, yopyapyala, ya Type-C, ndipo kasitomala aliyense amafika ndi yomwe palibe. "Agulupu, awa sakusiyana malo okha, mano awonso ndi osiyana. Wa ku Japan amadya ndi CHAdeMO, wa ku Ulaya ndi CCS. Koma ine funso langa ndi lina. Pamphuno ndamva, kumbuyo ndamva. Mutchaja pati?"

Bwalo linati zii.

Funsolo linawawa chifukwa magetsi sali kutali ndi mudziwu. Madzi a Shire amadutsa pa Kamuzu Barrage pa Liwonde pomwepa popita kukazunguza makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ku Phombeya, m'boma la Balaka lomweli, kuli siteshoni yaikulu ya ESCOM kumene nthambo za makilovoti 400 zimanyamukira kupita ku Nkhoma, ndipo mzere wa makilomita 218 wochokera ku Matambo ku Tete mathero ake ndi komweko. Nthambo zonsezi zimadutsa pamwamba pa madenga a udzu. Ngakhale a m'tauni sanaiwale Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kusowa kwa nthawi yoposa chaka. Mkulu wina anawonjezera za phiri la Kangankunde, la ku Balaka konkuno, kumene kampani ya ku Australia ya Lindian Resources ikutsata miyala ya neodymium ndi praseodymium, yopangira maginito a m'mamota a galimoto zambiri zamagetsi. "Mwina adzukulu a alendowa adzabwera ndi mwala wathu m'mimba," anatero, "kudzatifunsa soketi."

Agulupu ananong'onezana ndi nduna. Chigamulo chinali chakuti aliyense akhale ndi kabowo pomwe anabadwa nako, koma aziyenda ndi chingwe chotha kuzungulira galimoto yonse, osapingasa njira ya kabaza. Tesla alipe nkhuku ya chabwalo. Zotsalazo zidzamvedwa tsiku limene pholo loyamba lidzazikidwe m'mudzimo.

Anthu akumwazikana, Leaf anakanika kunyamuka. Batire lake lokalamba linali litatheratu ndi dzuwa la ku Liwonde. Anaitanitsa ngolo. Mwini ngolo anafika, n'kuizungulira galimoto kawiri chingwe chili m'manja, kenaka n'kufunsa ngati amange pamphuno kapena kumbuyo. Volkswagen ndi Tesla anayankhira pamodzi, mayankho osiyana, ndipo nduna inakatenganso mpando wa agulupu.