Ulemu kwa kanema amene wadzutsa nkhalamba za ku Chadiza

Tivule zipewa, abale anga, pakuti m'boma lathu la Chadiza mwafika mphunzitsi wosajomba, wosalandira malipiro, woyamba ntchito dzuwa likangolowa mpaka batire la sola litatha. Ndikunena kanema uja amazungulira m'mamemori kadi, wa nkhalamba ziwiri zachizungu zimene zikukondana mochedwa. Aneba anga amamuonetsa usiku uliwonse, sipika ili pazenera loyang'ana kwanga, kuti nanenso ndisatsalire pa maphunziro. Ambuye awadalitse.

Dzina lake ndi Something's Gotta Give, wa mu 2003. Jack Nicholson akusewera mkulu wa zaka 63 amene sayang'ana mkazi wopitirira zaka 30. Wapita ku nyumba ya m'mbali mwa nyanja ndi kamtsikana kake, mtima wamugwira, ndipo amene akumudwazika ndi mayi wa mtsikanayo, Diane Keaton. Mapeto ake mkuluyo wagwa m'chikondi ndi amene akanakhala apongozi ake. Kwathu kuno apongozi timawapatukira m'njira, kulowa m'tchire ngakhale muli chitedze. Iwo akumwa nawo vinyo ku Paris, ndipo palibe nyakwawa yawaitanitsa.

Zipatso za maphunzirowa zikuoneka kale. Mkulu wina wa kuseri kwa chigayo, amene mkazi wake anatisiya kalekale, tsopano mutu wake ndi wakuda bii, koma ndevu anaiwala kupaka. Njinga yake yoti inkalira kuyambira nthawi ya UNIP yathiridwa mafuta. Madzulo amavala jekete la kutchalitchi, n'kumangirira kabotolo ka mafuta ophikira pakaliyala, ulendo kwa mayi wamasiye wa kutsidya kwa dambo. Pofika pakhomo amatsika mwachinyamata, kenako amaima kaye atagwira chishalo, kudikira kuti bondo livomereze. Tikamufunsa amati akukaona soya.

Koma pamene ndimaombera m'manja kwambiri kanemayu ndi apa: kuyambira poyamba mpaka pothera, simuona nkhoswe ngakhale mmodzi. Anthu akungokondana basi, popanda wowagogodera pakhomo. Kuno ukwati wopanda ankhoswe ndi chibwenzi chabe, ngakhale eni ake atakhala opanda dzino m'kamwa. Ndiye mundiuze, munthu wa zaka 70 nkhoswe amupeza kuti? Amalume ake anagona kale kumanda. Akulu ake nawonso. Wotsala ndi mphwake, mwana wa mlongo wake, amene iye yemweyo anamugulira yunifomu ya giredi wani. Mnyamatayo tsopano akhale pampando, akhosomole mwaulemu, anene kuti, "Amalumewa aona maluwa pakhomo pano." Kumbali ya mayi nakonso kwakhala mdzukulu, foni ili m'manja. Ndipo banjali likadzayambana, chifukwa lidzayambana ndithu, ndi ana omwewa adzaitanidwe kudzaweruza chifukwa chake agogo akugona chofulatira. Mphwake uja adzayenera kulangiza amalume ake za kupirira m'banja, maso ali pansi, akukanda dothi ndi chala chakuphazi. Amene analemba kanemayu, Nancy Meyers, akanabwera kudzakhala nafe nyengo imodzi ya dzinja, akanapeza nthabwala zokwanira makanema atatu.

Nanga za chikamwini? Mwambo wathu ife Achewa umati mwamuna apite kukakhala kwa mkazi. Mkulu uja ndiye asiye mitengo yake ya mango, akayambirenso ukamwini pamudzi wa eni, akasonyeze mphamvu zake pa khasu pamaso pa anthu amene anawaona akubadwa. Akati atenge mayiyo chitengwa, mbumba ikuti ayi, mayi wathu sachoka pa minda yake. Ana a mbali zonse ziwiri, amene chaka chathunthu saimba foni kuchokera ku Lusaka, mwadzidzidzi apeza ndalama ya basi. Afika ndi nkhope zachisoni, akufunsa za thanzi la adadi, maso ali pakhola la ng'ombe. Ena akunong'ona kuti si chikondi ayi, mkuluyo wanunkhiza kandalama ka boma kothandiza okalamba kamene mayiyo amalandira. Anthu inu! Mukufuna munthu aziphika yekha nsima mpaka liti? Amene mumaseka kwambiri pachitsime ndi inu nomwe simunamutengereko ngakhale kambale ka chigwada chilowereni chisanu.

Komanso tisanamizane, nkhalamba zofunsira si zachilendo kuno. Zilipo zina zimabwera pa zaka zisanu zilizonse, pa galimoto zazikulu, tsitsi nazonso lopaka. Zimatigwadira, kutipatsa chitenje, kutiuza kuti ndife okongola kuposa Katete ndi Vubwi, n'kulonjeza kuti zikangotitenga zidzatikonzera misewu ya kumidzi ndi milatho. Ife, namfedwa wosamva, timavomera. Mvula ikagwa, thumba la feteleza likuwoloka mtsinje pamutu, wofunsira uja foni yake siyikupezeka. Koma mkulu wa kuseri kwa chigayo mafuta ophikira amafika nawo sabata iliyonse, ndipo mlatho sanalonjeze.

Ndamva kuti ku mwambo wa Kulamba wa chaka chino, ku Mkaika, mkuluyo ndi mayi wamasiye uja akufuna kupita awiriwiri pa njinga yomweyo. Mphwake wayesa kuwaletsa, akuti mtunda ndi wautali ndipo matayala ndi akale. Amalume amuyankha kuti ntchito ya nkhoswe ndi kugula chubu, osati kufunsa mafunso.